Ndidazimitsa Makina a Bambo

Sindikhalitsa pamalo. Ndayendetsapo minibasi, lole ya mafuta, ngakhale galimoto ya maliro. Ntchito ikayamba kundizolowera, ndimaisiya. Asisi amati matako anga ali ndi minga. Bambo adaleka kalekale kunditchula dzina. Ankangoti Alendo.

Mwezi umenewo ndinkayendetsa galimoto yahayala. Ndidakatenga mayi wina ku bwalo la ndege. Wamtali, wamagalasi, zikwama zinayi. Adati ndi dokotala, koma osati wa jakisoni. Wa zinenero.

Tili pamzere wa magalimoto, a Dokotala adatsegula laputopu. Mudatuluka mawu a munthu wokalamba. Lilime linkalira pakati pa mawu, tha, tho, ngati wina akuthyola tinkhuni touma.

"Bambo anga amayankhula chimenecho," ndidatero. Ndinkangofuna macheza.

Laputopu idatsekedwa.

"Imani."

"Pakati pamsewu?"

"Paliponse. Mwati bambo anu?"

Ndidaima pamalo omwetsera mafuta. Ndidawauza zomwe ndinkadziwa. Sizinali zambiri. Bambo adabwera m'tauni ali mnyamata, kuchokera kutali, kouma. Adanyamula matumba a simenti zaka 31. Anzawo a kuntchito akamva lilime likulira ankati akuwatsonya, ndiye adawapatsa dzina: a Tsonya. Chinenerocho sadatiphunzitse. Tinkachimva akadzimenya chala ndi hamala basi.

Chinthu chimodzi sindidawauze. Tsiku lina bambo adabwera pageti la sukulu, ali mbuu ndi fumbi la simenti, adandiitana. Anzanga onse adayamba kuliza malilime. Ine ndidawadutsa ngati mtengo wamagetsi.

A Dokotala adati chinenerocho n'chimodzi mwa zomwe mabuku amati za Khoisan. Akulemba buku. Osati la chinenero chonse. La mneni mmodzi: kunyamula.

"Buku lonse?"

"Chaka chachisanu ndi chimodzi chino. Ndapeza anthu anayi ochiyankhula. Awiri samva. Wina alibe mano, mawu amangophwa. Wina anamwalira ndisanamalize. Bambo anu mano alipo?"

"Alipo onse. Mapapo ndi amene anatha."

Adalemba m'kabuku. Sindikudziwa ngati adalemba za mano kapena za mapapo.

Kenako adanena chimene chidandigwira. Lachisanu anyamuka ulendo wapamsewu. Miyezi inayi, malire atatu. Woyendetsa sanamupeze.

"Mukandifikitsa kwa bambo anu, tikambirana."

Malire atatu. Fungo la msewu ndidalimva pomwepo.

Bambo ankakhala ndi asisi m'nyumba yosanjikizana, pansanjika yachitatu. Chikepe mulibe. Zipinda ziwiri ndi khitchini. Bedi la bambo linali pabalaza, pafupi ndi zenera. Pambali pake makina a mpweya, aakulu ngati sutikesi, a matayala. Kapaipi kochokera pamenepo kankalowa m'mphuno zawo. Kanali kotalika mpaka kuchimbudzi. Makinawo ankalira usana ndi usiku, nguuu, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Ndinali ndisanapondeko miyezi isanu ndi itatu.

"Wathawa chiyani ulendo uno?" adafunsa asisi pakhomo. "Apolisi kapena mwini mkazi?"

"Ndabwera ndi nkhani yabwino."

"Iwe? Khala kaye pansi, mwina idutsa."

Ndidafotokoza. Asisi adaseka mpaka kugwira chitseko cha firiji.

"Buku la kunyamula! Nanga ife tilibe? Kusenza, kubereka, kuyangata, kukoleka paphewa. Abwere andijambule ine. Ndanyamula nyumba ino ndekha zaka zisanu ndi ziwiri, mawu ake ndili nawo ambiri."

Bambo sadaseke. Adakhala tsonga pabedi.

"Akufuna chinenero changa?"

"Inde, bambo."

"Kuti achite nacho chiyani?"

"Alembe."

Adayang'ana kukabati. Kenako: "Jekete langa lija likadalipo?"

Asisi amasita zovala pahotela ina. Amachoka 6 koloko m'mawa, kubwera 4 koloko. Ndiye woyang'anira ndidakhala ine, kiyi wa nyumba m'thumba, pogona panga pansi pabalaza. Adandikokera kukhitchini, adandionetsa kachipangizo kopana chala, kamene kamaonetsa manambala a mpweya wa m'magazi.

"Kakatsika pansi pa 90, zonse ziime. Makina sazima. Ngakhale powasambitsa bambo sindizimitsa. Mwezi watha magetsi atathima ola limodzi, tinagona kuchipatala masiku anayi. Ukundimva, kapena ndikuyankhula ndi khoma?"

"Ndamva, asisi."

"Bwereza."

Ndidabwereza.

Lolemba a Dokotala adakwera masitepe ndi zikwama ziwiri, ine ndi ziwiri. Bambo adali atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera. Tsitsi atapesa.

A Dokotala adawerama pafupi ndi bedi, adawapatsa moni m'chinenero chawo. Bambo adaseka mpaka chifuwa chidawagwira.

"Mayi, mukuyankhula ngati mbuzi ikutafuna pulasitiki. Koma ndamva. Ndamva." Adapukuta maso ndi mkono wa jekete. "Zaka khumi ndi zinayi. Womaliza kundipatsa moni umenewo anali mlonda wa pageti. Tinamuika kale."

Ntchito idayamba ndi zithunzi. Mayi atasenza ndowa. Mwamuna atanyamula thumba. Bambo adazikankha.

"Awa sakunyamula. Angoima papepala. Kunyamula kumaoneka m'khosi ndi m'mawondo. Komanso mawu anga agona nthawi yaitali, mayi. Amadzuka maso akaona." Adandiloza ndi chibwano. "Anyamule Alendowa. M'nyumba muno sananyamulepo ngakhale supuni."

Ndiye njira yathu idakhala imeneyo. Ine ndinyamule chinthu kuchoka pazenera kukafika pakhomo. Bambo anene zimene ndikuchita. A Dokotala ajambule. Chiganizo chilichonse katatu.

Ndidanyamula kapu imodzi. Bambo adanena liwu. Ndidanyamula makapu atatu. Adanena lina, losafanana n'komwe ndi loyamba lija. A Dokotala adamwetulira ngati mwana waona maswiti. Adandifotokozera kuti kwa bambo chinthu chimodzi chili ndi mneni wake, zinthu zambiri wakenso. Ndiponso mneniyo sayenda yekha. Amagwirana ndi anzake pamzere: tenga, kweza, pita. Ndidagwedeza mutu. Apo n'kuti nditasenza ndowa. Madzi adanditsikira m'kolala.

"Taonani," adatero bambo. "Mwana wa munthu wa simenti ameneyo."

Kenako a Dokotala adavala mahedifoni. Nkhope idakwinyika. Adapempha titseke zenera. Ndidatseka. Firiji. Ndidazula pulagi. Wotchi yapakhoma. Ndidachotsa batire. Adamvetseranso. Adatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana makina.

"Ndi awa. Kulira kwawo kukuphimba lilime. Mawu anayi osiyana akumveka ngati amodzi." Adavula mahedifoni. "Kodi angazime pang'ono? Ngati n'zosatheka, nenani. Ndiona pochita."

Ndiona pochita. Ndidamva bwinobwino. Alongedza, apita, apeza woyendetsa wina.

"A kuchipatala anati mphindi 20 palibe vuto," ndidatero.

Palibe adanenapo zimenezo. Bambo adandiyang'ana. Ankadziwa. Adayang'ana maikolofoni, adayang'ana jekete lawo.

"Zimitsani," adatero. "Ndinkapuma makinawa asanabadwe."

Batani lake ndi lobiriwira, lili pamwamba. Ndidadina.

Sindinkadziwa kuti nyumba ija ingakhale zii chonchi. Lilime la bambo lidamveka ngati madontho oyamba pamalata. Ndidaima ndi tsache paphewa, kumvetsera. Kunena chilungamo, zinali zokoma.

Patatha mphindi khumi ndidawapana bambo chala. 87. Ndidaika kachipangizo m'thumba.

"Kakuti bwanji?" adafunsa a Dokotala.

"Kali bwino."

Tidajambula ziganizo zina zisanu ndi chimodzi, ndiye ndidayatsa.

A Dokotala atapita, bambo adagona chagada, kapaipi m'mphuno, maso otseka. Ndinkaganiza ali m'tulo.

"Ukufuna chiyani kwa mayiyu?"

"Ntchito, bambo."

"Ndinadziwa. Kutali?"

"Malire atatu."

"Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma iwe si ng'ona. Ndiwe jumbo ya mumsewu, imangotsata mphepo." Adapuma kangapo. "Mlongo wako usamuuze. Iwe ukufuna msewu, ine ndikufuna kulowa m'bukumo. Tonse ndife akuba."

Asisi atabwera adaima pakati pa balaza, kununkhiza ngati galu wa apolisi.

"Wotchi yaimiranji?"

"Imasokoneza zojambula."

"Firiji?"

Ndinali nditaiwala. Madzi adali atayenderera pansi.

"Nanga makina?"

"Sindinawakhudze."

Adasendera kwa bambo. "Milomo yaderanji chonchi, bambo?"

"Ndi tiyi. Mlongo wakoyu amaphika tiyi ngati phula."

Ndidadya bwino madzulo amenewo.

Lachiwiri sitidafunsanenso. A Dokotala atangovala mahedifoni, chala changa chidapita pabatani. Adapezanso vuto lina. Mawu ena amatulukira m'mphuno, ndipo kapaipi kankawatseka. Bambo adakachotsa okha. Ndidakapachika pamsomali wa kalendala.

Adali atasintha. Ankawongolera a Dokotala ngati kapitawo. "Ayi, mayi. Liwu limenelo ndi la munthu wonyamula akuthawa. Mwalemba la wakuba." Ine ankandituma. Pilo pamsana. Mpando paphewa. Nsapato zisanu m'manja. "Wongola msana, iwe. Katundu amamva ngati ukumuopa."

A Dokotala adali ndi chizolowezi china. Ankanena ziganizo zolakwika dala, kuti aone ngati bambo azikana. Kuika liwu la chinthu chimodzi pa zinthu zitatu. Kutembenuza mzere wa aneni, pita kutsogolo, tenga kumbuyo.

"Kodi tinganene chonchi, bambo?"

"Anene ndani? Wamisala?"

"Nanga chonchi?"

"Amene anakuphunzitsani zimenezo mukamubweze."

"Chifukwa chiyani n'zolakwika?"

Ndiye bambo ankafotokoza. Kufotokoza kumadya mpweya kuposa kunena. Akamaliza ankatsegula pakamwa ngati nsomba, mapewa akukwera ndi kutsika. A Dokotala ankadikira mwaulemu, cholembera m'mwamba. Kenako funso lina.

Mphindi 20 zidakhala 30. Kachipangizo kadakhala m'thumba mwanga.

Nthawi ina, ndili ndi ndowa m'manja, bambo sadaime pamapeto a chiganizo. Adapitirira. Maso pazenera lotseka. Ankayankhula mofulumira, motsitsa, manja akujambula chinthu m'mwamba. Sindidawaonepo chonchi. Mpweya unkawathera, ankautola, n'kupitiriza.

A Dokotala adayang'ana wotchi yapamkono.

"Zokoma kwambiri, bambo. Koma nthawi yathu ya chete ndi yochepa. Tibwerere ku ndowa."

Bambo adatseka pakamwa. Adabwerera ku ndowa.

Pamasitepe ndidawafunsa a Dokotala zimene bambo amanena.

"Ndinagwirapo mawu atatu. Mayi, madzi, kunyamula. Zinazo si gawo langa."

Bambo adali pamwamba, masitepe makumi anayi okha. Ndikadatha kukwera n'kuwafunsa. Ndidapita kukatsukitsa galimoto.

Madzulo bambo adalephera kudya. Supuni inkaima panjira. Asisi adaitenga, adayamba kuwadyetsa.

"Zaka zonsezi ndikukusambitsani, bambo, simunandiphunzitse ngakhale liwu limodzi. Mlendo wangogogoda, mwamukhuthulira thumba lonse."

"Sunafunse."

"Ndinafunsa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Munati n'chinenero cha njala, ndikawerenge mabuku."

Bambo adali atagona, chakudya chili m'kamwa. Asisi adachitulutsa ndi chala.

Lachitatu m'mawa asisi adandigwedeza ndi phazi pomwe ndidagona, pansi.

"Usiku wonse akhala akutsokomola. Iwe mkonono basi. Kachipangizo kakukana kufika 90, makina ali chiyakire. Sindikudziwa mukuwachita chiyani, koma mayi wako wa mabukuyo lero asabwere."

"Latsala tsamba limodzi la mafunso, asisi."

"Alidye. Ndapempha tchuthi, andikaniza, kuhotela kuli msonkhano. Lumbira."

"Ndalumbira."

"Pali ndani?"

"Pali amayi kumanda."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Adatenga chikwama, adatuluka. Ndidamvetsera nsapato zawo mpaka pansi. Ndiye ndidaimba foni.

Bambo adali atamva zonse. Nkhope yawo inali ngati phulusa. Koma jekete linali kale pamapewa.

"Walumbirira mkazi wanga," adatero.

"Ndi tsamba limodzi, bambo."

"Ndikudziwa. Undimangire batani ili, zala zikukana."

Tsamba lomaliza linali la kunyamula munthu. Tidayamba ndi zotsala za dzulo lake, makina ozima, kapaipi pamsomali. Mphindi 25 zidathera pamenepo. Kenako a Dokotala adatulutsa chidole m'chikwama. Cha pulasitiki, diso limodzi lotseka. Ndidachibereka ndi thaulo.

Bambo adapukusa mutu. Mawu ankatuluka awiriawiri.

"Chidole... si munthu. Ndikanena... ndinena liwu la katundu. Munthu... amakugwira nayenso."

"Ndiye la munthu lilipo lina?" A Dokotala adasendera kutsogolo kwa mpando.

"Lilipo."

"Simungangolinena?"

"Lili pafupi... silikutuluka. Ndione kaye."

A Dokotala adayang'ana uku ndi uku, ngati kuseri kwa kabati kungatuluke mwana. Adayamba kutseka kabuku. Adati basi, zachitika, buku lituluka ndi tsamba lopanda kanthu. Ankanena akuyang'ana ine.

Maganizo adali anga. Palibe adandituma.

"Ndiwabereke bambowa."

"Ali bwino koma? Akuoneka otopa."

"Ndi mmene amaonekera m'mawa."

Adandikhulupirira msanga. Msanga kwambiri.

Bambo adaseka popanda mawu. "Alendo... anyamula. Jambulani, mayi. Sizidzachitikanso."

Ndidanjuta pafupi ndi bedi. Manja awo adazungulira khosi langa. Podzuka ndidadzandira, chifukwa ndidakonzekera katundu wolemera. Anali mafupa m'jekete.

"Thumba la simenti... makilo 50," adanong'ona. "Ine... sindikwana."

Pazenera mpaka pakhomo ndi mapazi asanu ndi awiri. A Dokotala ankayenda pambali, maikolofoni pafupi ndi tsaya langa. Bambo adanena chiganizo. Chachifupi. Lilime lidalira kawiri, ndidalimva m'fupa la kuseri kwa khutu.

"Limenelo!" adatero a Dokotala. "Sindinalimvepo. Kachiwiri."

Tidabwerera pazenera. Kachiwiri, lole idaliza hutala pansi mumsewu.

"Pepani. Tibwereze."

Tidabwerera. Mtima wawo unkagunda pamsana panga, mofulumira, ngati kambalame kogwidwa. Adayamba chiganizo. Mpweya udachidula pakati.

"Kamodzinso, bambo. Komaliza."

Apo bambo adandimenya paphewa ndi zala. Kawiri. Osati mwamphamvu. Aliyense amadziwa tanthauzo lake: nditsitse. A Dokotala sadaone, maso adali pa chojambulira. Ndidamva ine ndekha. Bedi linali pomwepo. Batani linali pomwepo, mkono umodzi.

"Kamodzi kokha, bambo," ndidatero. Ndidayamba kuyenda.

Adanena. Chonse, choyera, chosaduka. A Dokotala adakweza chala chachikulu.

Pakhomo manja adamasuka pakhosi panga. Mutu udagwera paphewa. Kenako ndidamva kutentha kukuyenderera kumsana, kutsikira m'thalauza.

Ndidawagoneka. Ndidadina batani. Makina amatenga mphindi zingapo kuti ayambe kupereka mpweya weniweni. Ine sindinkadziwa. Asisi ndi amene ankadziwa. Kapaipi kadakola pamsomali, kalendala idagwa. Ndidatulutsa kachipangizo m'thumba. Kadaganiza nthawi yaitali. 68.

"Bambo! Bambo!"

Maso adali otsegula theka. Zoyera zokha.

A Dokotala adali ataima pakhoma, mahedifoni akadali kumutu. "Munati mphindi 20," ankangobwereza. "Munati mphindi 20." Wotchi inali pamkono pawo, osati panga.

Bambo ndidawatsitsa masitepe onse ndekha. A pansanjika yachiwiri adatsegula chitseko, adasuzumira, adatsekanso. M'galimoto a Dokotala adakhala kumbuyo, mutu wa bambo pamiyendo pawo. Ndidadutsa maloboti ofiira atatu. Kuyendetsa ndimatha.

Asisi adafika kuchipatala ndi yunifolomu ya kuhotela, chala chimodzi chitapsa ndi simbi. Adatipeza pabenchi, m'khonde lonunkha mankhwala. Sadandiyang'ane. Adalunjika kwa a Dokotala.

"Mayi, ndiuzeni inu. Uyu pakamwa pake ndi padzala. Makina anazima?"

"Anazima. Pepani kwambiri. Anandiuza kuti a kuchipatala analola mphindi 20."

"Masiku onse atatu?"

"Onse."

"Lero mphindi zingati?"

A Dokotala adatsegula chojambulira, chifukwa chimasunga nthawi. "41."

Asisi adagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndiye adatembenukira kwa ine.

"A kuchipatala ake ati? Tili pomwepano. Ndilozere."

Ndidayang'ana matailosi.

"Akulonjeza chiyani?"

"Ntchito."

"Ya chiyani?"

"Yoyendetsa."

"Ya nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi inayi."

"Miyezi inayi." Adaseka pang'ono, m'mphuno. "Ukanapemphako chaka. Ndi bambo athu amenewa, si nkhuku."

Namwino adatuluka, adafunsa wachibale. Tidaimirira tonse awiri. Asisi adati, "Ndine." Adalowa okha. Atatuluka adanena mwachidule, akuyang'ana khoma. Mtima wa bambo udaima kanthawi. Ubongo udakhala wopanda mpweya. Awaika paipi kukhosi. Mwina adzuka. Koma za kuyankhula tiiwale.

Adatambasula dzanja. Ndinkaganiza akufuna kundigwira.

"Kiyi."

Ndidapereka kiyi wa nyumba.

"Chikwama chako ukachipeza pansi pa masitepe. Usakwere."

Lachinayi lonse ndidakhala m'galimoto, panja pa chipatala. A Dokotala sadaimbe. Ndidati basi, zonse ziwiri zapita, bambo ndi ntchito. Chakumadzulo ndidakwera kuwodi. Pachitseko pali kagalasi. Bambo adagona chagada, paipi pakamwa, tepi pamasaya. Makina a kumeneko ndi aakulu, amapuma okha m'malo mwa munthu. Asisi ankawapukuta manja ndi kansalu, chala chimodzichimodzi. Adandiona. Adadzuka, adakoka katani.

Foni idalira ndikutsika. A Dokotala.

"Ndayesa anthu atatu. Wina alibe pasipoti, wina akufuna kutenga mkazi wake, wina wabwera ataledzera. Mukadali ndi mtima wopita?"

"Ndili nawo."

"Za dzulo sitikambirananso. Ndipo simudzandinamizanso."

"Ayi."

"6 koloko."

Lachisanu masana tidali pamzere wa pamalire oyamba. Malole kutsogolo, malole kumbuyo. Dzuwa loswa mtengo. A Dokotala adatsegula laputopu pamiyendo. Mahedifoni adali m'chikwama cha kumbuyo, ndiye mawu adatuluka poyera. Bambo. Chiganizo chachifupi chija. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake kunkamveka kukoka kwa mpweya, ngati macheka pathabwa lonyowa. Pansi pake, mapazi anga.

Pagalasi la laputopu mawu amaoneka ngati mapiri. A Dokotala ankasankha timapiri tating'ono, n'kudina. Tinkasowa.

"Mukuchotsa chiyani?"

"Kupuma. Kumasokoneza omvera."

Adalizanso. Bambo adayankhula ngati munthu wa mapapo atsopano.

"Sindinajambulepo mawu oyera chonchi," adatero motsitsa. Sadandiyang'ane.

Foni idanjenjemera m'thumba. Uthenga wa asisi. Mizere iwiri.

Atisiya 11 koloko. Usavutike kubwerera, onyamula bokosi akwana.

Ndidawerenga kawiri. Tsidya la msewu kudaima basi yobwerera kutauni, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko kuti watsala mpando umodzi.

"Ndani?" adafunsa a Dokotala.

"Asisi."

"Bambo ali bwanji?"

"Chimodzimodzi."

Lole yakutsogolo idasuntha. Ndidaika giya.